Mmene Ndinatsukira Mgolo wa Malemu a Mbewe

Sukulu anandilanda pa sabata yachisanu ndi chimodzi ya teremu yachiwiri. Mlonda wa pageti la koleji anali ndi pepala la mayina a osalipira, dzina langa linalipo, ndipo anandibweza ngati ndabwera kudzagulitsa nthochi. Inali nthawi ija dziko litataya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito madola a ku America. Bambo anga ankasoka nsapato pamsika wa St Mary's ku Chitungwiza, kufupi ndi Harare, ndipo m'nsapato simutuluka madola a fizi. Sindikudandaula (ndikudandaula, koma nkhani si imeneyo). Ndikungofuna mudziwe kuti akanandisiya sabata imodzi yokha, khamu lonse lija silikanamwa tiyi wa mtundu wa phulusa tsiku lovundukula chiliza cha malemu a Mbewe.

Ndinkaphunzira zoyeza madzi. Pa sabata yomalizayo mphunzitsi anatisonyeza chinthu chimene chinandikomera kwambiri. Anatenga ketulo yakale yodzaza nkhoko zoyera mkati, zija zimatsalira mukamaphitsa madzi a pachitsime, n'kuthiramo viniga. Nkhokozo zinayamba kuchita thovu, kulira ngati mafuta m'chiwaya, kenako zinasungunuka. Anati nkhokozo ndi mwala womwe uja amawotcha popanga laimu. Madzi amausungunula pansi panthaka, amaunyamula osaoneka, ndipo akawira amautula m'ketulo. Chowawasa chilichonse, ngakhale madzi a mandimu, chimauchotsa. Pomaliza anati, "Sabata yamawa tidzaona mbali ina ya nkhaniyi."

Sabata yamawayo ine ndinali kunja kwa geti.

Kwathu ku St Mary's tinalipo anthu asanu ndi anayi m'zipinda ziwiri. Malo anga ogona anali pansi pa tebulo, mutu kukhoma, miyendo kukhomo, moti aliyense wotuluka m'mawa ankayamba wandiponda. Munthu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wandevu, wodziwa kuwerenga mabotolo a mu labu, kumadzutsidwa ndi phazi la mlongo wake. Anthu a mumsewu mwathu anandipatsanso dzina: a Koleji. Ankalitchula mwaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkapweteka.

Amene anandichotsa pansi pa tebulo ndi a Tembo, tcheyamani wa sosayiti yathu ya maliro, ija makolo athu ochokera ku Malawi anayambitsa kuti munthu akamwalira kuno asaikidwe ngati wopanda kwawo. Nyumba ya a Tembo ili ku Zengeza 3, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda ka malata kosungiramo katundu wa sosayiti: matenti, mipando, makapu, mafosholo ndi mgolo wa tiyi. Akuba anali atayesapo kuthyola loko, ndiye komiti inkafuna munthu wogonamo. Amayi anapita kukagwada, ndipo kiyi anaperekedwa kwa ine.

Chitseko changachanga. Chotseka ndi kutsegula mwini wakene. Amene sanagonepo pansi pa tebulo asayese n'komwe kumvetsa. Ndinayala matiresi pakati pa mipando ndi mafosholo, ndinakhoma msomali wopachikapo jekete, ndipo tsiku loyamba ndinatseka ndi kutsegula chitsekocho kangapo popanda kumene ndinkapita.

Tsono mgolo uja. Ndi wachitsulo, wondifika m'chiuno, wokhala ndi zogwirira ziwiri ndi kampopi kamkuwa m'munsi. Malemu a Mbewe, mmodzi wa oyambitsa sosayiti, anaubweretsa kuchokera ku fakitale imene ankagwirako ntchito ine ndisanabadwe. Palibe Mmalawi wa ku Chitungwiza amene anaikidwa popanda mgolowu kuwira. Kunja unali wakuda ndi utsi. Nditavundukula chivundikiro ndinabwerera m'mbuyo. Mkati monse munali nkhoko zoyera, zolimba, zokhuthala ngati chala chachikulu, zina zitachita timabango ngati m'phanga.

"Malamulo ndi awiri, mdzukulu wanga," anatero a Tembo. "Mkati usakwechemo. Kutsukuluza basi. Lachiwiri, madzi ake ndi a pachitsime cha kwa mphwanga ku Nyatsime. Osati a pampopi, osati ena alionse."

"Chifukwa chiyani, sekuru?" ndinafunsa, kuwatchula agogo m'Chishona.

A Tembo anakoka mpando, anakhala, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Aliyense wa sosayiti amadziwa kuti chipewa chikafika pabondo, mphika umene wasiya pamoto uuiwale.

"Chaka chimene ndinalembedwa ntchito kumalo oyeretsera madzi," anayamba, "foromani wathu anali ndi galu."

Ndinadikira. Galuyo analuma munthu. Munthuyo anali wa ku Ntcheu, ndipo tinapita naye ku Ntcheu. Tinabwerako pa sitima. Titafika pa galu wachiwiri, mwana wa woyamba uja, madzi asanatchulidwe ngakhale kamodzi, ndinayang'ana foni yozima n'kunena kuti amayi akundifuna msanga. A Tembo anavala chipewa chawo osakwiya. Ine ndinachoka nditamaliza kale kuweruza: nkhalamba izi zikuopa kutsuka mgolo chifukwa mwini wake anamwalira. Zamizimu. Ndipo madzi a ku Nyatsime aja ndinkawadziwa, sopo sachita nawo thovu ngakhale umupemphe. Ndi amene ankadzaza mwala mumgolomo. Anthu akumwa tiyi wa m'phanga zaka zonsezi, n'kumati ndi mwambo.

Komabe ndinamvera kwa miyezi ingapo, chifukwa cha chitseko. Maliro akachitika ndinkakankha wilibala ya zigubu kupita ku Nyatsime, kubwera nayo, kusonkha moto, kuphika tiyi. Kuphika tiyi wa mumgolo ndi ntchito ya wosunga katundu, ndipo ndinkaidziwa. Moyo unali bwino, kunena zoona. Ndinanenepa pang'ono.

Kenako kunalengezedwa kuti Loweruka la Pasaka tidzavundukula chiliza cha a Mbewe eni ake. Alendo adzachokera ku Mbare, ku Mufakose, mpaka ku Kadoma. Pakhomo pa mkazi wa malemu, aNaphiri, ndi pochepa, ndiye anagwirizana kuti pochokera kumanda anthu adzadyera pabwalo la a Tembo, pafupi ndi chitseko changa. Apa m'pamene satana wa maphunziro anandilowa. Ndinati tsiku limenelo ndidzavundukula mgolo pamaso pa onse, chitsulo chili ngwee, ndipo dzina lija la a Koleji adzayamba kulitchula ndi pakamwa pena.

Ndinayamba kutatsala masabata atatu. Ndinagula mabotolo anayi a viniga (chenji anandipatsa maswiti, monga zinkakhalira masiku amenewo), ndinatseka chitseko, ndinathira. Thovu linabwera, phokoso lija la m'chiwaya linamveka, ndipo ndinamva ngati ndabwerera m'kalasi. Litatha thovu ndinasuzumira. Nkhoko zinali pomwepo. Viniga wanga anangozisambitsa kumaso.

Tsiku lachiwiri ndinathyola mandimu onse a mumtengo wa a Tembo, iwo atapita kutchalitchi. (Mpaka lero amakhulupirira kuti ndi ana a m'nyumba yoyandikana nayo. Ngati akuwerenga izi, pepani, ananu.) Mandimu anafewetsa pamwamba pokha.

Tsiku lachitatu ndinasiya sayansi n'kutenga sikuludiraiva ndi mwala. Ndinalowetsa mutu ndi mapewa mumgolo n'kumagogoda. Nkhoko zinayamba kugwa zibenthuzibenthu, zina zazikulu ngati mbale. A Tembo anaitana ali panja:

"Ukukhoma chiyani mmenemo?"

"Mpando, sekuru. Mwendo unagwedera."

"Wachita bwino. Mwana wosamala katundu."

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinapita kwa mnzanga wina amene amatsuka madamu osambiramo kumayadi a anthu olemera mu Harare, ndipo anandigawira theka la botolo la asidi amene amathira m'madamumo. Ameneyo sanachite nthabwala. Utsi wake unanditulutsa m'chipinda ndikutsokomola, koma pofika madzulo mwala wonse unali utatha. Ndinatsukuluza kasanu ndi kawiri (ndine chitsiru, koma sindine wakupha), ndinakwecha ndi sitiliwulu, ndipo chitsulo chinawala moti ndinadziona mano. M'munsi, mozungulira msoko, munali timadontho takuda tambirimbiri ngati nthata. Ndinatiyang'ana, ndinati n'tachilengedwe, ndinavundikira.

Panatsala funso la madzi. Kuthiramo a ku Nyatsime kukanakhala kubwezeramo mwala umene ndavutika nawo. A pampopi sankabwera n'komwe, mpopi wa a Tembo unkangopuma mpweya. Ndiye sabata imeneyo kunagwa mvula yomaliza ya chaka, yamphamvu, ndipo ndinaona ngati kumwamba kwavomereza pulani yanga. Madzi a mvula alibe mwala ngakhale pang'ono. Ndi madzi oyera kuposa onse. Ndinadikira kuti denga litsukike kaye, ndinakokera mgolo kuseri kwa kachipinda, pansi pa malata, ndipo unadzaza mpaka pakamwa. Ndinauvundikira n'kuufunditsa tenti yakale. Unakhala pamenepo masiku khumi. Pansi pake pankakhala ponyowa, koma nthawi ya mvula paliponse m'ponyowa.

Loweruka la Pasaka anthu onse anakwera makombi, timabasi tating'ono tija, kupita kumanda, ine ndinatsala ndi moto. Ndinatungira madzi m'ndowa, ndinaika mgolo pamafuwa, ndinawabwezeramo. Apa ndinaona kuti madzi anga oyera aja ali ndi kamtundu kachikasu, ndipo chitsulo chowala chija chachita mawanga ofiira. Ndinati ndi fumbi la padenga. Akawira zitha.

Anawira. Ndinathira masamba a tiyi, mapaketi onse amene aNaphiri anagula ndi manja awo. Ndinavundula, n'kutunga pang'ono m'kapu kuti ndione.

Inki. Osati tiyi wakuda wa anthu okonda masamba ambiri, ayi. Inki yeniyeni, yakuda mopita ku buluu, yoti ukhoza kulembera kalata kumudzi.

Ndinati mkaka ukonza. Ndinathira mkaka wonse. Tiyi anasanduka wotuwa ngati simenti yosakaniza kumene. Ndinathamangira kukagolosale n'kugula mkaka wina ndi ndalama yanga. Anasanduka simenti yowala. Ndinathira shuga, ndinathiranso shuga, ndinalawa. Munayamba mwayamwapo msomali muli ana? Msomali wa shuga.

Ndili chilili ndi kapu m'manja, ndinamva nyimbo ya amayi a chigwirizano ikukhota pakona. Makombi anali atafika.

Apa ndiyenera kukuuzani za anthu awiri. ANaphiri, mkazi wa malemu, amagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo pakamwa pawo amapaopa ngakhale makondakitala. Masiku amene ndinkangoyendayenda nditachotsedwa sukulu, ankandiitana n'kundikulungira mitu ya nsomba m'nyuzipepala, kwinaku akundinyoza kuti ndaonda ngati ndodo ya mbendera. Winayo ndi aNambewe, mlongo wake wa malemu, wa ku Kadoma. Kwa zaka zinayi aNambewe ankauza aliyense wofuna kumva kuti mlamu wawo akuchedwetsa dala chiliza, ndipo kuti achimwene awo sakugona bwino kumandako. Awiriwa ankapatsana moni ngati akupatsana mpeni.

Anthu anakhala m'matenti, pemphero linachitika, mabanzi anagawidwa. Ine ndinatsegula kampopi n'kumadzaza majagi nditayang'ana kumbali. Zovundukula mgolo pamaso pa onse zija ndinali nditaziiwala, chivundikiro ndinachitsamira ndi chigongono. Kapu yoyamba, mwaulemu wake, inapita kwa aNambewe.

Anaiyang'ana. Anaipendeketsa. Anainunkhiza.

"Mulamu," anatero, mawu ali pansipansi koma ofika tenti yonse, "tiyiyu wadwala chiyani?"

ANaphiri anayang'ana m'kapu yawo. "Masamba ndi omwe aja timagula masiku onse."

"Sindinafunse za masamba."

Ena anali atamwa kale chifukwa cha ludzu la kumanda, ndipo ndinawaona akumeza mwaulemu, maso ali patali. Mdala wina wa ku Mbare anatsanulira wake pansi pa mpando mwakachetechete. Phokoso la makapu linatha. M'kachetechete ameneyo m'pamene tonse tinamva: tsss. Kenako tsss, tsss.

Dontho linagwera pamoto. Lina linatsatira. Timadontho takuda tija tinatseguka limodzilimodzi, ndipo posakhalitsa mgolo unali ukutulutsa timizere ta tiyi wotuwa mbali zonse, towonda ngati ulusi, tina tolunjika pamakala, kena kolunjika pa nsapato yanga. Moto unayamba kuzima. Nthunzi ndi phulusa zinakwera n'kulowa m'tenti.

ANambewe anaimirira pang'onopang'ono. Anali asanakhalepo wokhutira chotero chifikireni.

"Mgolo wa achimwene ukulira," anatero. "Zaka zonsezi, maliro onsewa, sunadonthepo. Lero, tsiku la chiliza chawo, tiyi wasanduka phulusa ndipo mgolo ukukhetsa misozi. Ine sindinena kanthu. Anena okha eni ake."

Amayi a kumbuyo anayamba kunong'onezana m'Chishona, ndipo mawu akuti mudzimu ndinawamva kawiri. Maso onse anatembenukira kwa aNaphiri. Ine palibe anandiyang'ana. Ndikubwereza, chifukwa ndi pamene pali nkhani: palibe ngakhale mmodzi anandiyang'ana. Mlandu unali utapeza kale mwini wake, ndipo malemu amene amati akwiyawo anali m'manda, ndipo wakufa sachotsa munthu m'chipinda. Ndikanangokhala chete, kugwedeza mutu ngati ena onse, Lolemba n'kunena kuti mgolo wotembereredwa ndautaya. Ndinayang'ana chitseko changa, chili apo, loko wake akuwala. Ndinaganiza za tebulo, ndi phazi la mlongo wanga.

Ndiye ndinayang'ana aNaphiri. Ndinkayembekeza kuti atsegula pakamwa paja n'kumumeza mlamu wawo ndi nsapato zomwe. Sanatero. Anatsika pampando n'kukhala pansi, padothi, atavala zoyera za chigwirizano, kapu ili m'manja. Mayi amene anagulitsa nsomba zaka zinayi kuti agule mwala wa pamanda anali atakhulupirira kuti mwamuna wake waukana.

"Ndini," ndinatero. Mantha akandigwira Chishona ndi chimene chimayamba kutuluka.

A Tembo anatembenuka. "Unene m'chinenero cha malemu, amve nawo."

"Ndine, sekuru. Ndinatsuka mgolo."

"Kutsukuluza?"

"Kukwecha. Ndi viniga. Ndi mandi... ndi zina. Ndi asidi."

"Madziwa ndi a ku Nyatsime?"

"A mvula, sekuru. Ndi oyera kuposa..."

Sindinamalize. A Tembo anabwera, anachotsa chigongono changa pachivundikiro ngati akuchotsa kachilombo, anavundukula. Tiyi anali atatsika kale kufika pakati, ndipo khoma la mgolo linkaoneka lonse, lamaliseche, lamawanga ofiira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando, anakhala, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Tenti yonse inapuma mpweya wautali. Ulendo uno foni sikanandipulumutsa.

Koma agalu sanabwere. Mwina mkwiyo umafupikitsa nkhani.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero, "ndinkasenza matumba a laimu pamsana uwu, kukathira m'madzi tisanawatumize m'mapaipi. Madzi oyeretsa kale, ife n'kumathiramo laimu. Iwe wa ku koleji, unkaganiza tinkafuna kuti anenepe?"

Analoza mgolo ndi chipewa.

"Madzi ali ndi mimba, mdzukulu wanga. Akakhuta laimu, wotsalayo amamusiya pakhoma la paipi, paipiyo yavala malaya. Akakhala ndi njala amadya chimene apeza. Akapeza laimu adya laimu. Laimu akatha adya chitsulo. Tikathira wambiri mapaipi ankatsekeka, tikathira wochepa madzi ankafika kwa anthu ali ofiira. Ntchito yonse inali kupeza pakati. Tsono pa madzi onse, anjala kwambiri ndi a mvula. Chichokereni kumwamba sanadyepo kanthu. Iwe wavula mgolo malaya, wausenda ndi khungu lomwe, n'kuutsekera masiku angati ndi mlendo wanjala?"

"Khumi."

"Khumi." Anatembenukira kwa anthu. "Mgolo uwu unabooka kalekale, Mbewe akadali moyo. Tinkadziwa awirife. Chimene chinkagwira tiyi wanu zaka zonsezi si chitsulo, ndi nkhoko zija. N'chifukwa chake tinkapita ku Nyatsime, madzi a chitsime chija ndi okhuta, ankamata okha mabowo. Za mtunduzi musadabwe nazo. Dzimbiri likakumana ndi masamba a tiyi limada. Kaponyeni msomali wakale m'kapu kunyumba, mukaona. Mbewe sanalire. Mbewe akanakhala pano bwenzi akuthamangitsa mwanayu ndi chikuni."

Imeneyo ndiyo inali mbali ina ya nkhani ija. Ndinaiphunzira ulere, nditaimirira m'matope a tiyi, pamaso pa Mbare, Mufakose ndi Kadoma, kuchokera kwa munthu amene analekeza sitandade thuu.

ANambewe sanafune kutaya mlandu wawo wonse. "Chabwino," anatero. "Koma nanga anamutuma mwanayu ndani kuti achite zimenezi sabata ya chiliza?"

"Uchitsiru sutumidwa, mulamu," anayankha mawu ochokera pansi. "Umadzuka wokha m'mawa."

ANaphiri anali atabwerera. Anaimirira, anasasa chitenje, anatenga jagi yodzaza n'kundikodola ndi chala.

"A Koleji, tabwerani kuno. Khalani apa, pampando wa alendo. Inu ndinu ophunzira, simungakhale pansi." Anadzaza kapu mpaka m'milomo. "Imwani. Masambawa ndagula ndine, mkaka ndagula ndine. Sizitayika."

Ndinamwa.

"Akoma?"

"Akoma, amayi."

"Muwonjezereni, mulamu," anatero aNambewe. "Wanena yekha kuti akoma."

Ndinamwa makapu atatu, wina akuthira, wina akuwerenga. Pa zaka zinayi chimenechi chinali chinthu choyamba chimene awiriwa anachitira limodzi. Tenti inaseka mpaka mdala wa ku Mbare uja anatsamwa ndi banzi. Amayi oyandikana nafe anabweretsa mapoto awo, tiyi wina anaphikidwa, mwambo unatha bwino, ndipo ndinamva kuti pokwera basi ya ku Kadoma aNambewe ananyamula phukusi la nsomba. Lilime langa linakhala lakuda mpaka Lachiwiri.

Komiti inakumana Lamlungu lotsatira, pabwalo lomwelo, ine nditaimirira pafupi ndi mgolo ngati mbuzi ndi munda umene yadya. Ambiri ankafuna kiyi. Amayi anali atandiuza kale kuti pansi pa tebulo asesapo. Msungichuma ananena mawu ambiri okhudza ana a masiku ano, ndipo ena mwa mawuwo anali oona.

A Tembo anadikira onse atope, kenako anafunsa funso limodzi.

"Tikamuchotsa, nkhoko adzabweza ndani?"

Chigamulo chinali chotere. Wowotcherera zitsulo amate m'munsi mwa mgolo. Ine, Loweruka lililonse, kaya kuli maliro kaya kulibe, ndikankhe wilibala kupita ku Nyatsime, ndibwere ndi zigubu zisanu ndi chimodzi, ndiwiritse madziwo mumgolo, azizire, ndiwapereke kwa amayi ochapa. Nkhuni ndizionera ndekha. Ndichite zimenezi mpaka nkhoko zibwerere mmene ndinazipezera. Ndipo kuti ndisathawe chilango, anawonjezera msungichuma akundiloza ndi cholembera, sindiloledwa kusamuka m'kachipindamo ntchitoyo isanathe.

Ndinaweramitsa mutu kwambiri kuti asaone nkhope yanga.

Ku Nyatsime ndi kutali ukamakankha wilibala, ndipo pobwerera njira imatalika kawiri. Ana a kumeneko amandidziwa, amandiimbira nyimbo ya a Koleji. Manja anga achita zikang'a. Ngati mukufuna phunziro, tengani ili: mdala akaika chipewa pabondo, dikirani mpaka agalu athe. Ine ndimayesetsa. Tsopano ndikudziwa kuti agaluwo analipo anayi.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse a Tembo amabwera kudzayendera. Amavundukula, amalowetsa mkono, amakanda khoma ndi chikhadabo n'kuchiyang'ana padzuwa. Chaka chitatha, nkhoko zinali zitafika ngati chikhokho cha dzira.

"Zikubwera," anatero.

"Sekuru, zoyamba zija zinatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi atatu. Mwina kuposa."

Ndinapanga nkhope yachisoni, yoyenera munthu wolangidwa. Iwo anandisisita paphewa, anati ndilimbe mtima. Atapita ndinalowa m'chipinda changa, ndinatseka chitseko changa, ndinagona chagada pamatiresi anga n'kutambasula miyendo mbali zonse ziwiri.

Chokhacho, chilimwe chathachi chitsime chija chinatsika, madzi ake anakhuta kuposa kale, ndipo nkhoko zayamba kukula msanga kuposa mmene ndinkawerengera. Mwezi watha chikhadabo cha a Tembo chinalephera kufika pachitsulo, ndipo anasangalala kwambiri, anati mwina sizitenga zaka zonse zija. Ine ndinasangalala nawo. Madzulo ake ndinapita kugolosale. Botolo limodzi lokha la viniga, laling'ono, lili kuseri kwa mafosholo. Sindinalitsegule.